Kukonzekeretsa Atsogoleri a Malo Osungirako Ana Olakwira Malamulo: Mafunso ndi Mayankho

Bwalo la milandu likalamula kuti mwana akasungidwe kwa kanthawi, moyo wake wa tsiku ndi tsiku umakhala m'manja mwa anthu ochepa: amene amamudzutsa, amene amamugawira chakudya, amene amamuphunzitsa ndi amene amatseka chitseko usiku. Anthu amenewa amagwira ntchito potsatira zimene mkulu wawo amalola, zimene amaletsa, komanso zimene amaziona n'kukhala chete. Mafunso otsatirawa akukhudza mmene mkulu wotere, pamodzi ndi omuthandiza, angakonzekeretsedwe kuti asenze udindowu.

Kodi malo amenewa ndi ati, ndipo atsogoleri ake ndi ndani?

Kuno ku Malawi, lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la m'chaka cha 2010, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo lakale la Children and Young Persons Act, limanena kuti mwana asaikidwe m'ndende pa mlandu uliwonse. Mwana amene mlandu wake ukadali m'bwalo ayenera kusungidwa m'nyumba yotetezera ana, ndipo amene bwalo lapeza kuti analakwadi, ngati palibe njira ina yomuthandizira akadali kwawo, amatumizidwa ku malo osinthira khalidwe. Malo odziwika bwino a mtunduwu ndi Chilwa ku Zomba ndi Mpemba ku Blantyre, ndipo onse awiri ali pansi pa unduna woona za ana ndi chisamaliro cha anthu. Palinso ndende za achinyamata, monga ya Bvumbwe ku Thyolo, zomwe zili pansi pa nthambi ya ndende. M'chaka cha 2018, Bwalo Lalikulu linagamula kuti kusunga ana m'ndende za Bvumbwe ndi Kachere kunali kosemphana ndi lamulo.

Tikamanena atsogoleri sitikunena mkulu wa malo yekha ayi. Tikunenanso wachiwiri wake, mphunzitsi wamkulu, woyang'anira nyumba zogona, woyang'anira nkhokwe ya chakudya, ndiponso aliyense amene amatsogolera anzake pa shifiti. Mwa onsewa, amene amaiwalika kawirikawiri pokonza maphunziro ndi woyang'anira shifiti ya usiku ndi ya Loweruka ndi Lamlungu, chonsecho ndi iyeyo amene amakhala ndi ana nthawi imene mkulu ali kunyumba kwake.

Bwanji osangokweza munthu amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri?

Zaka za pantchito ndi chuma, ndipo munthu amene sanagonepo usiku pamalo otere savomerezeka msanga kwa anzake. Vuto ndi lakuti luso losamalira ana ndi losiyana ndi luso lotsogolera akuluakulu. Munthu amene dzulo ankadya nsima mbale imodzi ndi anzake, lero akuyenera kulembera mmodzi wa iwo kalata yochenjeza chifukwa chomenya mwana. Akuyenera kukonza ndondomeko ya mashifiti mosakondera, kuwerenga bajeti, kulankhula ndi majisitireti, ndi kuyankha kholo limene labwera litakwiya. Zonsezi sanaziphunzire nthawi imene ankayang'anira chipinda chogona.

Pali chinanso chobisika. Wokwezedwa popanda kukonzekeretsedwa amatsogolera mmene iye anatsogoleredwera. Ngati pamalopo panali chizolowezi chogwiritsa ntchito anyamata akuluakulu kuti azilanga ang'onoang'ono, iye amachiona ngati njira yokhayo yosungira bata, pakuti ndi imene anaipeza. Choncho chizolowezi choipa chimatha kukhala zaka makumi ambiri, atsogoleri akusinthana, popanda ndi mmodzi yemwe amene anachisankha mwadala.

Kodi kutsogolera malo a ana kumasiyana bwanji ndi kutsogolera ndende ya akuluakulu?

Kusiyana koyamba kuli pa cholinga. Ndime 40 ya Pangano la United Nations la Ufulu wa Ana la 1989, lomwe Malawi inavomereza mu 1991, imati mwana wolakwira lamulo asamalidwe m'njira yomuthandiza kubwerera pakati pa anthu ndi kukakhala nzika yothandiza. Ndime 37 imati kumutsekera kukhale njira yomaliza, kwa nthawi yochepetsetsa. Mfundo zomwezi zili mu ndime 42 ya malamulo oyendetsera dziko la Malawi, ndipo Pangano la Africa la Ufulu ndi Chisamaliro cha Mwana la 1990 limanenanso mu ndime 17 kuti cholinga chachikulu ndi kusintha khalidwe la mwana ndi kumubwezera ku banja lake.

Kusiyana kwachiwiri kuli pa mwana mwini. Ubongo wa munthu, makamaka mbali imene imathandiza kudziletsa ndi kuganizira zotsatira, umapitiriza kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20. Mnyamata wa zaka 15 akaponya mbale chifukwa wachitidwa manyazi pamaso pa anzake, nthawi zambiri sanakonze zoukira ulamuliro. Walephera kuugwira mtima. Ambiri mwa ana amenewa anakulira m'nkhanza, m'misewu, kapena m'mabanja amene anapasuka, ndipo mawu okalipa amawadzutsira mantha akale. Mtsogoleri amene anaphunzitsidwa kuti vuto lililonse ndi nkhani ya chitetezo amayankha ndi maloko ochuluka. Amene amamvetsa kakulidwe ka mwana amayamba wafunsa chimene chinachitika mbaleyo isanaponyedwe.

Kodi malamulo amanenapo chilichonse za munthu woyenera kukhala mkulu wa malo otere?

Inde. Mu 1990, United Nations inakhazikitsa malamulo otetezera ana osungidwa, omwe amadziwika kuti Havana Rules. Lamulo 86 limati mkulu wa malo akhale woyenerera ntchitoyo, wodziwa kuyendetsa zinthu, wophunzitsidwa bwino ndi wodziwa ntchito, ndipo aziigwira nthawi yonse, osati kuiphatikiza ndi udindo wina. Lamulo 85 limati ogwira ntchito aphunzitsidwe za maganizo a ana, chisamaliro cha ana ndi ufulu wachibadwidwe, ndipo maphunzirowo azibwerezedwa pa nthawi yonse ya ntchito yawo. Lamulo 20 limaletsa kulandira mwana popanda chikalata chovomerezeka chochokera ku bwalo kapena kwa akuluakulu oyenera.

Lamulo 20 limeneli limaoneka laling'ono, koma ndi pamene kulimba mtima kwa mkulu kumayesedwa koyamba. Galimoto ya apolisi ikafika madzulo ndi mwana wopanda chikalata, n'kosavuta kumulandira ndi kulonjezana kuti mapepala abwera mawa. Mwana wolandiridwa motero ndi amene angathe kukhala miyezi yambiri osaonekera m'bwalo, pakuti palibe fayilo imene ikumukumbutsa aliyense.

Kodi pali umboni woti utsogoleri ungasinthedi malo amene anazolowera nkhanza?

Nkhani ziwiri za ku America zimaphunzitsa zambiri, ndipo zimaphunzitsa zosiyana.

Mu 1969, Jerome Miller anasankhidwa kutsogolera nthambi yoona za achinyamata olakwira malamulo m'chigawo cha Massachusetts. Poyamba anayesa kusintha sukulu zikuluzikulu zosungirako ana kuchokera mkati: analetsa zilango zankhanza ndipo anayambitsa magulu okambirana. Ogwira ntchito ambiri, amene ena mwa iwo analembedwa kudzera m'ndale, anakana kusinthako. Miller ataona kuti zimene akumanga zidzagwa iye akadzachoka, anasankha kutseka sukuluzo, ndipo pofika 1972 ngakhale Lyman School, imene inali yakale kwambiri, inali itatsekedwa, ana n'kutumizidwa ku malo ang'onoang'ono a m'madera. Nkhaniyi imatamandidwa kawirikawiri ngati chitsanzo cha kulimba mtima, ndipo ndi zoona, koma ikusonyezanso kuti mtsogoleri mmodzi wa pamwamba, ngakhale atakhala ndi masomphenya abwino chotani, sangasinthe khalidwe la malo ngati oyang'anira a pakati sali naye.

Chigawo cha Missouri chinayenda njira yapang'onopang'ono. Chinatseka sukulu yaikulu ya anyamata ya ku Boonville mu 1983, n'kumanga malo ang'onoang'ono pafupi ndi kwawo kwa ana. Mark Steward, amene anatsogolera nthambiyo kuyambira 1988 mpaka 2005, anaika mphamvu zambiri pa kusankha ndi kuphunzitsa antchito. Ana amakhala m'magulu a anthu 10 mpaka 12, gulu lililonse limakhala ndi antchito omwewo nthawi zonse, ndipo pakabuka mkangano, aliyense m'gulumo, kaya mwana kaya wantchito, angathe kuitanitsa kuti onse aime mozungulira n'kukambirana pomwepo. Mu 2008, ntchitoyi inalandira mphoto ya ku yunivesite ya Harvard yoperekedwa kwa nthambi za boma zimene zabweretsa njira zatsopano. Chimene tiyenera kuona apa si nyumba zokongola, pakuti izo zimafuna ndalama zimene mayiko ambiri alibe, koma kuti mtsogoleri anakhala pa udindo zaka 17, nthawi yokwanira kulera gulu lonse la oyang'anira oganiza mofanana.

Nanga utsogoleri ukalephera, zimaoneka bwanji?

Mu Januwale 2016, pologalamu ya Panorama ya wailesi ya BBC inaonetsa zithunzi zojambulidwa mobisa ku Medway Secure Training Centre ku England, malo amene ankayendetsedwa ndi kampani ya G4S. Zithunzizo zinaonetsa antchito akugwira ana mwankhanza, ndipo panabuka nkhani yoti malipoti ena ankalembedwa mobisa zoona. Komiti imene boma linakhazikitsa inapeza kuti atsogoleri ankalabadira kwambiri kulamulira ana ndi kukwaniritsa zimene zinalembedwa m'mgwirizano wa kampani ndi boma kusiyana ndi kusamalira ana. Boma linatenga malowo chaka chomwecho, ndipo anatsekedwa mu 2020.

Mu Julayi 2016 momwemo, ku Australia, wailesi ya ABC inaonetsa zimene zinkachitika ku malo osungirako ana a Don Dale mumzinda wa Darwin, kuphatikizapo anyamata amene anathiridwa utsi wokhetsa misozi mu 2014 ali m'zipinda zowatsekera paokha. Bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa linapereka lipoti lake mu Novembala 2017, n'kunena kuti malowo atsekedwe.

Mayiko awiriwa ndi olemera, ndipo malo onse awiri anali ndi malamulo olembedwa, makamera ndi oyendera. Nkhanza zinakula chifukwa antchito anaona kuti chimene akuluakulu awo amafuna ndi lipoti loyera. Pamalo pamene wolemba zoona amadzudzulidwa, wobisa n'kusiyidwa, palibe amene amafunika kulamula kuti zoipa zibisidwe. Antchito amaphunzira okha.

Kodi maphunziro a atsogoleri amenewa ayenera kukhala ndi chiyani?

Malamulo ndi kakulidwe ka mwana ndi maziko, ndipo maphunziro ambiri amakhudza zimenezi. Kasamalidwe ka ndalama ndi katundu wa boma nakonso kamaphunzitsidwa. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi luso loyang'anira munthu pa ntchito yake: kuona mmene wantchito walankhulira ndi mwana, kumuitanira pambali tsiku lomwelo, kumuuza mosapita m'mbali chimene chinalakwika, ndi kumuonetsa njira ina popanda kumuchotsera ulemu. Kwathu kuno nkhaniyi imalemera kwambiri pamene woyang'anira ndi wamng'ono msinkhu kuposa amene akumuyang'anira, kapena pamene mayi akutsogolera abambo amene anayamba ntchito iye akadali pasukulu. Ulemu kwa akulu ndi chinthu chabwino, koma woyang'anira ayenera kuphunzira kunena kuti, "Bambo, zimene munachita dzulo sizingapitirire," ali ndi ulemu wonse, osabweza mawuwo. Luso limeneli siliphunziridwa pomvetsera. Limafuna kuyeserera mobwerezabwereza pamaso pa mphunzitsi.

Chachiwiri ndi luso loziziritsa mkangano usanafike pogwirana: kutsitsa mawu, kuchotsa anthu oonerera, kupatsa mwana mpata woti abwerere m'mbuyo popanda kuchita manyazi. Mtsogoleri ayenera kulidziwa yekha lusoli, pakuti sangaweruze ngati wantchito anagwiritsa ntchito mphamvu moyenera iye asakudziwa zimene zikanayesedwa poyamba.

Chachitatu ndi kuunika ngozi ikachitika: kufunsa mwana ndi wantchito payekhapayekha, kuyerekeza zonena zawo ndi zolembedwa m'kaundula komanso zimene wachipatala waona, ndi kufufuza ngati vuto linali munthu kapena dongosolo. Pomaliza, mtsogoleri aphunzire kugwira ntchito ndi anthu amene sawalamula: majisitireti wa bwalo la ana, apolisi, alangizi a zachisamaliro cha anthu m'maboma, mafumu ndi makolo.

Kodi msonkhano wa masiku atatu ku hotela si wokwanira?

Ndi wothandiza pofalitsa lamulo latsopano ndi kukumanitsa anthu a ntchito imodzi, koma susintha machitidwe. Wophunzira amabwerera ndi satifiketi, kabuku ndi alawansi, n'kupeza shifiti yomwe ija, antchito omwe aja ndi nkhokwe yomwe ija. Akayesa chatsopano yekha, anzake amamuuza kuti za kumsonkhano zimathera kumsonkhano.

Njira yolimba ndi yophunzitsa gulu lonse la atsogoleri a malo amodzi pamodzi, maphunziro n'kugawidwa m'zigawo zotalikirana miyezi, ndipo pakati pa zigawozo gululo likhale ndi ntchito yeniyeni yoti lisinthe pamalo pawo. Yunivesite ya Georgetown ku Washington, kudzera m'nthambi yake yoona za ana olakwira malamulo, imachita motero: ophunzira amalimbikitsidwa kubwera m'magulu, ndipo akamaliza masiku a m'kalasi amayenera kukonza ndi kukwaniritsa ntchito yosintha china chake kwawo. Njirayi siifuna ulendo wa kunja. Atsogoleri a malo amodzi angasankhe vuto limodzi, mwachitsanzo ndewu zimene zimabuka nthawi yogawa chakudya cha madzulo, n'kuliunika kwa miyezi itatu, mlangizi wodziwa ntchito akuwayendera. Mlangiziyo azifika ngakhale usiku ndi tsiku la Sabata, osati Lachitatu m'mawa pokha pamene pabwalo pasesedwa.

Ngati kumenya n'koletsedwa, mtsogoleri angasunge bwanji mwambo?

Funsoli limafunsidwa moona mtima, ndipo siliyenera kuyankhidwa monyoza, pakuti wantchito amene ali yekha ndi anyamata ambiri usiku ali ndi chifukwa chochitira mantha. Komabe lamulo silisiya mpata. Ndime 19 ya malamulo oyendetsera dziko la Malawi imaletsa kuzunza ndi kunyozetsa munthu. Lamulo 67 la Havana Rules limaletsa kumenya, kutsekera mwana m'chipinda cha mdima kapena payekha, kumuchepetsera chakudya, kumuletsa kuonana ndi abale ake, kumupatsa ntchito ngati chilango, ndi kulanga gulu lonse chifukwa cha mmodzi. Lamulo 65 limati antchito asanyamule zida pamalo osungirako ana.

Mtsogoleri amene wangolengeza kuti ndodo yaletsedwa, osapereka china m'malo mwake, wasiya antchito ake manja lende, ndipo ndodo idzabwerera mobisa. Chimene chimasunga bata ndi tsiku lodzaza: sukulu m'mawa, ntchito zamanja monga ukalipentala, kusoka kapena ulimi masana, mpira madzulo, ndi nthawi yokambirana asanagone. Ana ongokhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa amapeza okha chochita. Chinanso ndi malamulo ochepa, omveka, ofanana pa shifiti iliyonse, ndi mwayi umene mwana amaupeza chifukwa cha khalidwe labwino, womwe angautaye kwa kanthawi akalakwa. Ana amapirira lamulo lolimba kusiyana ndi lamulo losinthasintha. Chimene chimawapsetsa mtima ndi kulangidwa Lolemba pa chinthu chimene mnzawo anasekereredwa nacho Lachisanu.

Chizolowezi chopatsa ana ena mphamvu zolanga anzawo chiyenera kuthetsedwa ndi mtsogoleri mwini. Chimaoneka ngati chikupeputsa ntchito, koma ndi khomo lalikulu la kulanda chakudya, kumenyana ndi kugwiririra.

Kodi mtsogoleri angathandize bwanji antchito otopa ndi okhumudwa?

Ntchitoyi imadya mtima. Wantchito amamva nkhani zowawa tsiku lililonse, amatukwanidwa, nthawi zina amavulazidwa, ndipo kunja anthu amamuona ngati mlonda wamba. Munthu wotopa motero amayamba kuuma mtima, ndipo nkhanza zambiri zimayambira pamenepo.

Mkulu wa malo a boma alibe mphamvu yokweza malipiro, koma ali ndi mphamvu pa zinthu zingapo zimene antchito amaziwerengera: kugawa mashifiti ndi tchuthi mwachilungamo, kusinthanitsa mwayi wa maphunziro kuti usamangogwera anthu omwewo, kukhala pansi ndi wantchito amene wakumana ndi choopsa, ndi kumuteteza amene waulula nkhanza za mnzake. Pa chiwerengero cha antchito, malamulo a ku America otsatira lamulo lothana ndi kugwiririra m'ndende la Prison Rape Elimination Act la 2003 amafuna wantchito mmodzi pa ana 8 masana ndi mmodzi pa ana 16 nthawi yogona m'malo otsekedwa. Malo ambiri a mu Africa sangafike pamenepo lero, koma mtsogoleri amene akudziwa muyezowu angalembe pempho la antchito ena lokhala ndi maziko, ndipo angaike antchito ochepa amene ali nawo pa maola amene mavuto amachuluka, m'malo moti onse azipezeka m'mawa, usiku n'kutsala mmodzi.

Nanga ndalama zikachedwa kapena zikachepa?

Apa mtsogoleri ayenera kudziwa chimene chimayamba: chakudya, mankhwala, madzi, kenaka sukulu. Ayeneranso kudziwa kulemba lipoti lopita ku likulu lonena mwachindunji kuti ufa watsala wa masiku angati, pakuti lipoti longodandaula limaikidwa m'fayilo. Munda wa pamalo ungathandize pa ndiwo ndi chimanga, malinga ngati ulimiwo ukuphunzitsa ana luso, sukuwalanda nthawi ya kalasi, ndipo zokolola zikulowa mu mphika wawo.

Njira ina yochepetsera mtolo imaiwalika: kuchepetsa chiwerengero cha ana amene sayenera kukhalapo. Lamulo la 2010 limalola kupatutsa milandu ina kuti ithere kunja kwa bwalo, ndipo linakhazikitsa bungwe la Child Case Review Board lounika nkhani za ana osungidwa. Mkulu amene mafayilo ake ali m'dongosolo, amene amadziwa tsiku limene chikalata cha mwana aliyense chikutha, ndipo amalumikizana ndi othandiza pa zamalamulo monga a Paralegal Advisory Service Institute, amathandiza kuti ana atuluke pa nthawi yake.

Kodi tingadziwe bwanji kuti maphunziro a utsogoleri apindula?

Osati powerenga anthu amene analandira satifiketi. Ku America, dongosolo la Performance-based Standards, lomwe linayamba mu 1995, limasonkhanitsa ziwerengero kawiri pa chaka, mu Epulo ndi mu Okutobala, kuchokera ku malo amene alowamo, ndipo limafunsanso ana ndi antchito ngati akudzimva otetezeka. Malo aliwonse angachite zofanana ndi kaundula wamba: ndewu zingati, ovulala angati, kangati mwana anagwidwa mwamphamvu ndi antchito, masiku angati kalasi inalephereka, ana angati anayenderedwa ndi abale, angati analemba mayeso a boma.

Chenjezo lake n'lakuti utsogoleri wabwino ukayamba, ziwerengero za mavuto zimatha kukwera poyamba, chifukwa zimene zinkabisidwa zayamba kulembedwa. Akuluakulu a ku likulu akamudzudzula mkulu chifukwa cha kukwerako, amakhala akumuphunzitsa zomwe zija zinaononga Medway. Kaundula wosonyeza kuti chaka chonse sipanakhale ndewu kapena dandaulo lililonse pamalo pokhala achinyamata ambiri ayenera kudetsa nkhawa woyendera.

Kodi ana eni ake ali ndi gawo pa nkhani ya utsogoleri?

Ali nalo. Havana Rules imapatsa mwana aliyense ufulu wodandaula kwa mkulu wa malo ndi kwa akuluakulu a kunja popanda wina kusintha mawu ake, ndipo imafuna kuti oyendera oima paokha azifika mosalengeza n'kulankhula ndi ana mwachinsinsi. Ku Malawi, bungwe la Malawi Human Rights Commission lili ndi mphamvu zoyendera malo osungirako anthu. Mtsogoleri wokonzekeretsedwa bwino saona oyenderawa ngati adani, chifukwa amamuuza zimene antchito ake sangamuuze.

Bokosi la madandaulo silithandiza mwana wosadziwa kulemba, ndipo silithandiza aliyense ngati kiyi ali ndi munthu amene akudandauliridwayo. Mkulu azipeza nthawi yodya pamodzi ndi ana, kulawa chimene chaphikidwa, ndi kulankhula ndi mwana aliyense amene akutuluka, pakuti pa tsiku limenelo mwana amanena zimene ankaopa kunena.

Mwana akathawa kapena akavulala kwambiri, mtsogoleri achite chiyani?

Choyamba ndi moyo wa mwana, kenaka kudziwitsa abale ndi akuluakulu oyenera mwamsanga, kenaka kulemba zoona. Mwana akamwalira ali m'manja mwa boma, payenera kuchitika kafukufuku woima payekha. Zimenezi ziyenera kuyesereredwa pa maphunziro, kuti woyang'anira shifiti adziwe woyamba kumuimbira foni ndi mmene angapezere galimoto pakati pa usiku.

Choopsa chimabwera pambuyo pake. Mwana mmodzi akathawa, mtima umafuna kutseka zonse: mpira uleke, kumunda kuleke, alendo asabwere. Uku ndi kulanga ana onse amene sanathawe, ndipo kumawapatsa chifukwa chatsopano chothawira. Mtsogoleri wokhwima amafufuza chimene mwanayo ankathawa kapena chimene ankathamangira, kaya kumenyedwa ndi anzake, njala, kapena uthenga wa maliro kwawo umene palibe anamuthandiza nawo.

Ndani angapereke maphunziro otere ku Malawi?

Zipangizo zake zilipo, ngakhale zili m'malo osiyanasiyana. Koleji ya Magomero ku Chiradzulu imaphunzitsa ogwira ntchito zachisamaliro cha anthu ndi chitukuko cha m'madera. Nthambi ya ndende ili ndi sukulu yake ku Mapanga ku Zomba. Malawi School of Government, yomwe inapangidwa pophatikiza Malawi Institute of Management ndi Staff Development Institute ya ku Mpemba, imaphunzitsa utsogoleri kwa ogwira ntchito m'boma. Mayunivesite ali ndi akatswiri a zamalamulo, zamaganizo ndi zachisamaliro cha anthu. Chofunika ndi kulumikiza mbali zimenezi kuti wodziwa za ana asasowe luso loyendetsa ofesi, ndipo wodziwa za ofesi asasowe chidziwitso cha ana. Pa maphunziro aliwonse otere, ena mwa aphunzitsi akhale anthu amene anagwirapo ntchito pamalo osungirako ana, pakuti ophunzira amazindikira msanga munthu amene akulankhula za m'buku zokha.

Kodi wolowa m'malo mwa mkulu akonzekeretsedwe liti?

Mkulu akadali pa udindo. M'boma, kusamutsidwa kumabwera ndi kalata imodzi, ndipo malo amene amadalira mutu wa munthu mmodzi amabwerera m'mbuyo iye akangokwera galimoto. Mkulu azisiyira wachiwiri wake udindo weniweni kwa masabata angapo pa chaka, osati kungomusungitsa makiyi: atsogolere msonkhano wa antchito, akaimire malo ku bwalo la ana, akonze gawo la bajeti, ndipo pambuyo pake awiriwo akhale pansi n'kuunika zimene zinachitika. Oyang'anira mashifiti nawonso azisinthanitsidwa pakati pa nyumba zogona, sukulu ndi ofesi yoona za mafayilo, kuti pofika nthawi yokwezedwa akhale atadziwa mbali zonse. Ndondomeko zimene zathandiza, monga kalandiridwe ka mwana watsopano, kagawidwe ka chakudya, ndi kukonzekera kutuluka kwa mwana pamodzi ndi makolo, mfumu ndi mlangizi wa m'boma la kwawo, zilembedwe m'buku la pamalopo, ndipo mkulu watsopano apatsidwe bukulo pamodzi ndi mndandanda wa ana onse ndi masiku amene zikalata zawo zikutha.